Tsiku Limene Ndaziona Anatsika ndi Aukwati

Kalekale, mafoni a m'manja asanabwere kudzatisowetsa mtendere, ku Mchinji kunali mphunzitsi wina dzina lake Kamtedza. Ankadziwa kujambula nyanja pabolodi ndi choko, koma madzi aakulu amene anawaonapo ndi maso ake anali a mtsinje wa Bua basi. Chaka china sukulu zitatsekera, anauza mkazi wake Nangondo kuti atenge ana awo atatu akakwere sitima ya panyanja kwa masiku atatu. Sunali ulendo wa maliro kapena wokaona achibale ayi, kunali kungoyenda kuti ana aone dziko.

Nangondo ankaopa madzi kuposa njoka. Atamva kuti m'sitima anthu amadzaza ngati pamsika, anagula nsalu ya maluwa a mpendadzuwa, nasokera ana onse zovala zofanana: malaya a Lonjezo, diresi ya Mwaiwathu, ndi kadiresi ka Ndaziona, mzime wa zaka zinayi.

"Ndikangoponya maso ndiziwaona onse," anatero.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, sitima inaponya nangula pamalo ena opanda doko. Pamalo otere sitima imaima patali ndi mtunda. Anthu amatsika pamakwerero kulowa m'boti, ndipo matumba, nkhuku ndi ana amapatsirana pamanja. Otsika tsikulo anali aukwati, anthu oposa makumi atatu, nyimbo ndi nthungululu zili pakamwa. Nawonso anali atasoka yunifomu. Nsalu yake? Mpendadzuwa womwewo, pakuti wasitolo sagulitsa nsalu kwa munthu mmodzi.

Nthawi imeneyo Nangondo anali thapsa pabenchi, atafunda kumutu, mafunde atamutembenuza m'mimba. Kamtedza anali pamwamba, akudyedwa bawo ndi wogulitsa usipa wina. Ana akuluakulu aja ankawerenga mabwato. Ndaziona anali atagona tulo pathumba la chimanga pafupi ndi khomo lotsikira, pamene pankapita kamphepo.

Sitima inazula nangula n'kupitiriza ulendo. Patatha ola lathunthu Nangondo anavundukula nsalu kumaso, naponya maso monga ananenera muja. Anaona ana awiri.

"Lonjezo, mlongo wako ali kuti?"

"Ali ndi ababa."

Anakwera kwa mwamuna wake akugwira zitsulo. "Bambo a Lonjezo, mwana ali kuti?"

"Si ali ndi inu kodi?"

Anafuna kuzimbudzi, kukhitchini, kunsi kwa mabenchi, pakati pa matumba. Anthu onse anadzuka, sitima yonse kumangoti Ndaziona, Ndaziona. Kenaka Mwaiwathu anatola patapata imodzi yaing'ono pakhomo lotsikira lija, pamene kunsi kwake kunali madzi okhaokha. Mayi wina anangogwira pakamwa.

Kamtedza ankadziwa kuya kwa nyanjayo. Anakhala akulembetsa ana nambala yake chaka ndi chaka, wolakwitsa n'kumukwapula. Tsikulo analakalaka akanakhala mbuli. Anakhala pansi ndi patapata ija m'manja, bambo wamkulu kulira ngati mwana. Pamenepo n'kuti mwera utayamba, madzi atada bii, sitima ikupendekera uku ndi uku. Kaputeni analamula kuti azungulire pomwepo, aliyense maso pamadzi, koma anachenjeza kuti mphepo ikakula sadzatha kudikira.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Nangondo. Mayi wina pomutonthoza anati, "Pepani mayi, ana anu okongolawa, ovala ngati aukwati aja." Nangondo anasiya kulira. Aukwatiwo iye sanawaone n'komwe. Atamva za nsalu yawo, mayi amene ankalephera kuima uja anathamanga mpaka kuchipinda cha kaputeni, kumene apaulendo saloledwa, nakankha chitseko.

"Bwana, mwana wanga sali m'madzi! Watsika ndi anthu aja. Bwezani sitima!"

"Mayi, ndani wamuona akutsika?" anafunsa kaputeni. "Ndikachoka pano, mwana n'kukhala kuti ali pamadzi pompano, ndiye kuti tamupha ndife. Sindingabweze sitima chifukwa cha nsalu."

Nangondo anagwada pakhomo pomwepo, nakana kuchoka.

Wachiwiri anali Ajibu, wantchito wa m'sitimamo amene ankatsitsa anthu pamakwerero. Iyeyu ankadziwa kanthu. Ankakumbukira kuti ananyamula kamwana kogona, kovala mpendadzuwa, nakapereka kwa mayi wina m'boti. Lamulo la sitima linali lakuti mwana satsitsidwa kholo lake lisananene kuti "ndi wanga", koma m'phokoso la ukwati lija iye sanafunse. Kuulula kunali kutaya ntchito imene anaigwira zaka makumi awiri, ndipo kwawo ankadyetsa anthu asanu ndi awiri. Ndiye anakhala chete. Anafuna nawo kunsi kwa mabenchi, akudziwa kuti kulibe mwana. Ndisakunamizeni, anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Koma atamva mayi uja akulira pakhomo la kaputeni, anavula chipewa chake nalowa.

"Bwana, ndine ndamutsitsa. Ndimayesa ngwa aukwati."

Sitima inatembenuka nthawi yomweyo.

Wachitatu anali NyaMhone, azakhali a mkwatibwi, amene analandira mwanayo m'boti. Iye anayesa kuti ngwa akuchimuna, namubereka kumbuyo osafunsa. Pajatu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumtunda Ndaziona anadzuka n'kuyamba kukuwa kuti akufuna amayi ake, koma NyaMhone anangomupatsa nthochi, nakwera naye lole yopita kumapiri kumene kunali ukwati. Lole itayenda ndithu, mwana osatonthola, m'pamene anafunsa kuti, "Kodi mwanayu ngwa yani?" Akuchimuna anayang'ana akuchikazi, akuchikazi anayang'ana akuchimuna.

"Tiyeni naye, tikafunsa ukwati ukatha," anatero ena. "Sitima yapita kale."

"Mayi wake akuganiza kuti mwanayu wamira," anayankha NyaMhone. "Imitsani lole."

Mkwatibwiyo anamulera ndi iyeyo kuyambira ali khanda, ndipo lole ina kunalibe mpaka sabata yamawa. Anatsikabe. Anabwerera wapansi ndi mwana kumbuyo, mchenga ukumuwaza m'maso. Atafika kunyanja anamanga nsalu yake kunsungwi yaitali, naima pathanthwe n'kumaikupiza, osadziwa ngati kuli womuona.

A m'sitima anamuona. Koma mafunde anali atakula moti antchito ena anakana kutsitsa boti. Ajibu anati apita yekha, awiri anachita manyazi n'kumutsatira. Pobwerera, anthu a m'sitima ankaona boti likukwera pamwamba pa funde, kenaka n'kuzimiririka, ndipo nthawi iliyonse likazimiririka Nangondo ankakuwa. NyaMhone anakana kupereka mwana kwa munthu wina aliyense koma mayi wake, choncho anakwera naye makwerero ali kumbuyo, onse atanyoweratu. Nangondo anamasula mwanayo, namugwira mutu, mikono, miyendo, ngati akuwerenga kuti zonse zilipo.

Anthu asanathe n'kuyamika komwe, kaputeni anaitana Kamtedza ndi atatu aja m'chipinda chake. Patebulo panali buku lotsegula.

"Aphunzitsi, sitima yabwerera m'mbuyo, ndipo anthu anga atatu akanafera pamadzi. Akuluakulu adzafuna kudziwa amene anataya mwanayu, ndipo mzere wake m'bukumu ndi wa dzina limodzi. Mukalemba Ajibu, ntchito yamuthera lero. Mukalemba mayi awa, ndiwapereka kupolisi padoko lotsatira, chifukwa anatenga mwana wa eni n'kukwera naye lole. Mukalemba akazi anu, kalata ipita kuboma kwanu kuti mayi analekerera mwana pamadzi, ndipo mudziwa nokha mmene mudzi umasungira mbiri yotere. Mwana ndi wanu. Lembani."

Ajibu anayang'ana pansi, madzi akudontha m'malaya ake. Nangondo, mwana ali pachifuwa, ananong'ona kuti, "Lembani ine, bambo a Lonjezo. Ndinasoka ndine."

Kamtedza anatenga cholembera. Popanda Nangondo palibe akanaganiza za kumtunda, komatu nsalu ndi tulo zinali zake. Popanda Ajibu sitima sikanatembenuka ndipo boti silikanatsika, komatu manja amene anatsitsa mwana anali ake, ndipo anabisa pamene mayi ankalira. Popanda NyaMhone mwana akanapita kumapiri kwa anthu osamudziwa, komatu anabereka mwana wa eni osafunsa.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, cholembera chija ndakupatsani. Kaputeni akudikira, ndipo atatu onse akukuyang'anani. Mulemba dzina la yani?