Nguluwe ndi Benchi la Nanzikambe

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, nyama zinkaphunzira ntchito yowerengera chuma. Wofuna satifiketi ankayenera kukhoza mayeso a malamulo a malonda, ndipo wophunzitsa wake, pansi pa mkuyu, anali mayi Gologolo.

M'kalasimo munali Nguluwe, wamkulu thupi, wamkulunso mimba. Ankabwera ndi chinangwa, n'kumadya, n'kumagona. Tsiku lina anamva aphunzitsi akunena kuti pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ngakhale popanda cholemba. Anamva pomwepo basi. Zotsatira zake zinamudutsa ali m'tulo, mkonono uli foo, foo.

Mawa lake analawirira kumsika kwa Nanzikambe, mnzake wa m'kalasi, amene ankagulitsa tomato pa benchi kuti apitirize sukulu. Nanzikambe mukumudziwa, mawu ake amatuluka ngati mwendo wake, pang'onopang'ono. Nguluwe anamuuza kuti akugula benchilo ndi chinangwa chimodzi, ndipo akakhala chete ndiye kuti wavomera. Nanzikambe akutembenuza diso loyamba, benchi linali kale pamsana pa Nguluwe, tomato ali mbwee pansi.

Mayi Gologolo atamva sanakalipe. Anaganiza kuti mayeso ayandikira, ndipo phunziro labwera lokha. M'mawa mwake anauza ophunzira kuti lero kalasi ikakhala kumunda kwa Nguluwe.

Anamupeza atakhalira benchi lija, akudya. Mayi Gologolo anadikira. Anadikira mpaka Nguluwe anaponya m'kamwa chinangwa chachikulu, masaya ali tuu.

"A Nguluwe," anatero, "munda wonsewu ndikugula ndi mtedza umodzi uwu. Mukakhala chete, mwavomera."

Nguluwe tafu, tafu. Kumeza kukukanika, kulavula akuona kuwawa. Tafu, tafu. Mayi Gologolo anaika mtedzawo pansi mwaulemu, n'kuuza ophunzira kuti ayambe kuzula chinangwa chawo.

Phata loyamba litazuka, Nguluwe anameza, misozi ili mbwe.

"Aphunzitsi, ine sindinavomere. M'kamwa munali modzaza."

"Koma munali chete, bambo."

"Kukhala chete si kuvomera."

"Bwerezani, akumbuyo sanamve."

Nguluwe anabwereza mokweza. Apo mayi Gologolo anamufunsa kuti nanga benchi wakhaliralo analigula bwanji. Nguluwe anayang'ana benchi, anayang'ana munda. Anayang'ananso benchi, anayang'ananso munda. Kenaka analisenza yekha, ulendo wa kumsika, kalasi yonse ili pambuyo.

Atalitula pamalo pake, n'kutola tomato yense, ndi pamene Nanzikambe anamaliza kuyankha funso la dzulo lija.

"Ayi," anatero. "Sindikugulitsa."

Pa mayeso funso lakuti kodi kukhala chete ndi kuvomera linabwera. Nanzikambe anakhoza, ngakhale anali wotsiriza kutuluka. Nguluwe anakhoza funso limenelo lokha.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene mumagona phunziro lili pakati, muzigona ndithu, koma mukadzuka musakagule kanthu.