Mwala Wabodza wa pa Phiri la Kamphete

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi pamwamba pa phiri la Kamphete, pamene palibe mtengo ngakhale wopachikapo chipewa. Pali udzu wokhawokha, miyala, mphepo, ndi nkhungu yobwera osaodira.

Kalelo anthu a kwa Kanyumbu, kuno kwa phiri, ankakwatirana ndi a kwa Chipse, kuseri kwake. Njira yozungulira inali ya masiku awiri, pomwe yodutsa pamwamba inali ya m'mawa umodzi. Koma pakati pa phiripo panali dambo lotchedwa Chimeza, lobiriwira ngati dimba, pansi pake thope losadziwika pothera. Udzu unkatseka njira chaka ndi chaka, choncho anthu ankaisunga m'nyimbo.

Wosunga nyimbozo anali aNasibeko a kwa Kanyumbu, mayi wosaiwala ngakhale amene anawabwereka lichero chaka cha dzombe. Mwana wawo wamwamuna atakwatira, anabweretsa pamudzi mtengwa dzina lake Nachanza, wa mawu okoma moti akamayimba pamtondo, anzake ankaiwala kusinja.

Tsiku lina aNasibeko anatenga mtengwayo pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Nagama, n'kukwera nawo phiri. Akafika pachizindikiro ankaima, n'kuyimba, n'kufotokoza.

"Apa ndi pang'anjo. Makolo ankasungunulirapo chitsulo cha makasu. Uwu ndi Mwala wa Mtondo. Pisa dzanja pamwamba pakepo."

Nachanza anapisa, napeza dzenje losalala.

"Amayi athu ankasinjirapo mawere atathawa nkhondo. Tsono tamvera."

*Pang'anjo ya makolo, lunjika dzuwa,*
*Pa Mwala wa Mtondo, khota, mwanawe,*
*Chimeza akakuitana, usayankhe.*

Nachanza anaimva kamodzi, kachiwiri anaiyimba bwino kuposa mwini wake.

"Iyi ndi yopitira," anatero aNasibeko. "Mawa tidzabwere ndidzakuphunzitse yobwerera."

"Amayi, musatopetse miyendo yanu. Njira ndi imodzi. Pobwerera ndizingoyambira kumapeto kwa nyimbo."

ANasibeko anamuyang'ana, nafwenkha fodya wawo. Nagama ndiye anaseka.

"Alamu, mbuzi mukaiona kumutu ndi kumchira imafanana?"

"Inu alamu, ndi mawu anu achulewo, phunzirani ngakhale khumi. Mwina imodzi idzakukhalani."

Anaseka onse awiri, poti chilamu n'chotero. Koma m'mawa mwake amene anakwera phiri anali Nagama yekha ndi mayi ake.

Patapita miyezi itatu, kwa Chipse kunali ukwati, ndipo amayi a kwa Kanyumbu anaitanidwa kukavina chimtali. Ananyamuka asanu ndi awiri, aNasibeko ndi Nagama ali momwemo, Nachanza ali patsogolo, nyimbo ili pakamwa. Kumwamba kunali mbee, mphepo ikuweyula udzu ngati madzi. Anapuma pang'anjo, anadya mbatata zootcha pa Mwala wa Mtondo, aNasibeko akuwasimbira za mlenje amene analowa m'Chimeza potsata gwape, n'kutsala uta wokha. Dzuwa lisanafike pamutu anali atatsikira kwa Chipse.

Pabwalo, Nachanza anayambitsa nyimbo yake ya phiri ija, ng'oma n'kuilandira. Nthungululu zinalira. Anaibwereza, anthu anavina. Kachitatu anavinabe. Kachinayi woyimba ng'oma anaika manja m'chiuno.

"Ina, mayi! Iyi yapsa!"

Nachanza analibe ina yoti a kwa Chipse angaivine. Anangoseka, n'kulowa m'mzere, amayi ena n'kupitiriza. Manyazi ake anali ochepa, poti kunali thobwa ndi nyama yambiri.

M'mawa mwake aNasibeko anadzuka bondo litatupa.

"Ine nditsala kwa achemwali angawa. Mwananga Nachanza, paja unati njira ndi imodzi. Uwapititse anzako."

Anakwera bwinobwino, mmodzi wa iwo ali ndi khanda kumsana. Atangofika pamwamba, nkhungu inatsika ngati wina wawavundikira ndi dengu. Munthu sankaona ngakhale mapazi a mnzake wapatsogolo.

"Musaope," anatero Nachanza. "Gwiranani nsalu."

Anayamba kuyimba chobwerera m'mbuyo, kuyambira kumapeto. Posakhalitsa mwala waukulu unatulukira mu nkhungumo, msinkhu wake womwewo, mapewa ake omwewo.

"Mwala wa Mtondo uwu! Tikhote apa."

"Alamu, taimani kaye," anatero Nagama ali kumapeto kwa mzere. Koma mphepo inamulanda mawu ake osasawo.

Nachanza anakhota. Anaponda kamodzi, pansi panali pofewa. Kachiwiri, madzi ozizira m'akakolo. Kachitatu, thope linamugwira mpaka m'mawondo, ndipo akati azule mwendo uwu, winawo unkalowa. Amayi anakuwa, nataya nsalu za anzawo, aliyense kuthawira kwake. Khanda linayamba kulira penapake mu nkhungumo, kumbali imene Nachanza sanaidziwe.

Apa ndi pamene mtima wake unazizira kuposa miyendo. Iye yekha akanamira, ikanakhala nkhani yake. Koma anthu asanu ndi khanda anali atabalalika m'mphepete mwa Chimeza chifukwa cha iye.

Kenaka anamva kudzuma pafupi. Anali Nagama, akukwawa chamimba, atatambasula nsalu yake.

"Gwirani apa. Gonani chagada, musalimbane nalo."

Anakoka, anakokanso, mpaka thope linamulavula Nachanza, n'kutsala ndi mpango wake wokha.

"Mwala uja si wa Mtondo," anatero Nagama akupuma mwawefuwefu. "Ndaupisa, ulibe dzenje. Makolo anauimika dala kuti adani ochokera kuseri akhotere m'dambo. Popita suoneka, umabisika ndi chitunda. N'chifukwa chake nyimbo yopitira siutchula."

"Alamu, yimbani yobwererayo anzathu amve!"

"Ndi mawu achulewa? Angamve ndani? Ine ndizikuuzani, inu muzikweza."

Nagama ananong'oneza mzere woyamba, Nachanza n'kuuponya mu nkhungu ndi mawu ake onse.

*Mwala woyamba ndi mlendo, upatse moni upitirire,*
*Wachiwiri upise dzanja, ndiye mayi wako,*
*Pang'anjo ya makolo, utsi wakwanu uwo.*

"Imani pomwe mulipo!" anafuula. "Bwerani kumene kukuchokera nyimbo, koma mupondeponde kaye!"

Anayimba osaleka. Mmodzi anatulukira, wina, winanso, womaliza ndi wakhanda uja, nsalu ili chonyowa koma mwana ali gwa kumsana. Anawerengana kawiri, nakwana. Anayenda pang'onopang'ono, Nagama patsogolo, Nachanza pambuyo pake akuyimba, mpaka dzanja la Nagama linalowa m'dzenje losalala lija. Pofika pang'anjo nkhungu inali itang'ambika, madenga a kwa Kanyumbu akuoneka m'munsi. Amayi anakhala pansi n'kuyamba kuseka Nachanza, amene anali thope lokhalokha ngati mvuu.

ANasibeko atabwera patatha masiku anayi, anapeza mtengwa wawo atawasinjira ufa, atawazirira m'nyumba, atagwada pakhomo.

"Amayi, ndiphunzitseni zonse."

"Zilipo zisanu ndi imodzi. Ya dzinja, ya chilimwe, ya nkhungu, ya maliro. Ziwiri zija wazilipira kale ndi mpango wako." Anafwenkha fodya. "Woyimba ng'oma wa kwa Chipse anakuuza masana, anthu akuseka, iwe sunamve. Phiri linachita kukuuza ndi thope. Mwananga, nyimbo imodzi sachezera gule."

Mawuwo anatsika phiri n'kufalikira m'midzi yonse: nyimbo imodzi sachezera gule. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimodzi chimene ukuchidziwa, ngakhale uchidziwe bwino chotani, sichingakufikitse paliponse. Wolima chimanga chokha amalira chaka cha chilala, ndipo wodziwa njira yopitira yokha amagona kutchire. Phunzira zina, ndipo usanyoze wa mawu osasa, poti mwina ndiye wasunga mzere umene iwe ulibe.

Nachanza anakalamba akuperekeza anthu paphiripo. Akafika pa mwala woyamba uja ankaima, n'kuomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Moni achimwene, tinaonana kale." Akatero ankapitirira.