Zimene Mtisunge Anamva

Pa 9 Novembala 2019, Loweruka, itangotha swala ya Asiri, pemphero lathu la chakumadzulo, tinali anthu atatu pakhonde la Shehe Amadu Likongwe ku Ulongwe pamene alendo awiri anafika. Atatufe tinali Shehe eni ake, akazi awo Abiti Mdoka, ndi ine, amene ndimathandiza kuphunzitsa atsikana pamadrasa yawo. Mvula inali isanagwe, ndipo kunja kunkatentha mofooketsa thupi.

Alendowo anali Abusa Yotamu Kamtedza ndi Mayi Busa. Anthuwa anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pachilumba china chaching'ono cha m'nyanja yaikulu ya Pasifiki, kumene bungwe la mishoni linawatuma kukamasulira Baibulo m'chinenero cha anthu pafupifupi zikwi ziwiri. Popita anasiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Mtisunge, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, m'manja mwa azakhali ake amene amakhala kuseri kwa mzikiti wathu. Tsopano anali atabwera kutchuthi, ndipo Khirisimasi ikapita anayenera kubwerera kukayamba Chipangano Chakale. Mtisunge anayenera kutsalanso.

Shehe anadzuka, ngakhale maondo ankawavuta, napereka mpando wawo kwa Abusa, iwo nakhala pamphasa. Atalonjerana, Abusa sanazungulire.

"A Shehe, sindinabwere kudzacheza. Ndili ndi funso, ndipo mundikhululukire likakhala lakuthwa."

"Funsani, Abusa. Pano ndi panu."

"Mwana wanga mwamuphunzitsa chiyani? Kunyumba amatipatsa moni atagwada patali ngati ndife apongozi ake. Amayi ake akamugwira dzanja, amalibweza. Koma kukangocha ali kuno. Ngakhale pano ali kuseri kwa nyumba yanu. Ndamumva akuseka ndikulowa pachipata. Chibwerere chathu, kwathu sanasekepo. Ndiuzeni chilungamo: mukufuna kumulowetsa Chisilamu?"

Shehe anapukuta thukuta ndi m'mphepete mwa mkanjo wawo.

"Abusa, ana amene ndimawaphunzitsa tsiku ndi tsiku, mpaka mawu kusasa, ambiri amaiwala asanafike pamsewu. Ndikanakhala ndi luso lotembenuza mwana wa mbusa ndi mtedza wokazinga, bwenzi mzikiti uwu titaukuza kalekale. Sindinamuphunzitse kanthu. Amabwera, amathandiza mkazi wangayu kusenda mtedza, amakhala."

"Lamulungu akatulukira kuno m'mawa, womuthamangitsa ndine," anatero Abiti Mdoka. "Ndimati, pita kutchalitchi iwe, bambo ako ndi abusa, ufuna anthu atinene?"

Abusa anakhala ngati afewa pang'ono, koma mawu awo anatuluka olemera.

"Nanga bwanji akutilanga chonchi? Sitinapite kokasangalala, a Shehe. Sitima imafika pachilumbacho mwa apo ndi apo, ndipo nyanja ikakwiya siifika n'komwe. Zaka zitatu zoyamba tinangokhalira kuphunzira chinenero, ana aang'ono akutiseka. Chakudya chake ndi kokonati ndi nsomba, lero, mawa, mkuja. Mchere wa m'mphepo unatidyera makompyuta awiri. Amayi awa anadwala malungo mpaka anthu anawanyamula pabwato ndili kupemphera ngati ndikutsanzika. Koma Chipangano Chatsopano tinachimaliza, ndipo anthu amene anali asanamvepo Mawu m'chinenero cha amayi awo analira atachigwira m'manja. Kodi pamenepa talakwa?"

"Kutopa kwanu kukuoneka, ndipo sindikukupeputsa," anatero Shehe. "Chipembedzo chathu n'chosiyana, koma munthu amene wafooketsa thupi lake chifukwa cha chimene amakhulupirira ndimamulemekeza." Kenaka anatembenukira kwa Mayi Busa, amene anali asanalankhulepo. "Amayi, anzanu amene munkagwira nawo ntchito, nawonso ana awo anatsala kwawo?"

Mayi Busa anayang'ana amuna awo, kenaka pansi.

"Ayi, a Shehe. Tinali mabanja atatu. Awiri enawo ndi azungu, ndipo ana awo anali nawo komweko. Bungwe linawatumizira mphunzitsi. Ife titafunsa za wathu, anatiyankha kuti kwathu kuno achibale ndi ambiri, mwana wa ku Afirika sasowa womulera."

Mawu amenewa ndawalemba monga anawanenera, ndipo sindidzawaiwala. Anthu ophunzira, odziwa zinenero zakale, anakhala pamsonkhano ndi kugamula kuti mwana wina amafunika amayi ake, pamene wina azakhali amukwanira. Chikondi chathu pa abale, chimene amachiyamikira m'maulaliki awo, anachisandutsa chifukwa chomanira mwana makolo ake. Ndipo Abusa, pokhala munthu womvera, anavomera, nachitcha nsembe.

"Zimenezo n'zapambali," anatero Abusa mofulumira. "Mwanayu tinamufotokozera zonse tisanachoke. Ndinamukhazika pamwendo panga ndi kumuuza kuti Mulungu watiitana, kuti kumeneko kuli anthu ambiri amene akudikira, ndi kuti timamukonda koposa. Ndakhala ndikubwereza zomwezo nthawi iliyonse imene foni yagwira. Ntchito yanga ndi kufotokoza zinthu momveka, a Shehe. Palibe chimene ndinasiya."

Pamenepo Shehe anati:

"Ine ntchito yanuyo sindiidziwa, Abusa, ndipo ndikufuna mundiphunzitse. Mukamasulira ndime, mumadziwa bwanji kuti yatheka? Poti chinenerocho si chanu."

Nkhope ya Abusa inawala koyamba chifikire.

"Pamenepo ndiye pali luso lonse. Womasulira sadziweruza yekha. Tikamaliza ndime patebulo, timapita nayo kumudzi, kwa munthu amene panalibe pomasulirapo, kaya ndi msodzi, kaya ndi mayi wokalamba. Timamuwerengera kamodzi, kenaka timatseka pepala ndi kumupempha kuti atiuze m'mawu akeake zimene wamva. Saloledwa kubwereza mawu athu. Ife timangokhala chete. Zimene wanenazo ndizo zimene talemba, kaya tikufuna kaya sitikufuna."

"Ndi njira yanzeru," anatero Shehe. "Ndikanaidziwa kale, bwenzi ana a pamadrasa pano atapepukidwa. Nanga mawu amene munamuuza mwana wanu pamwendo paja, munayamba mwamupemphapo kuti akuuzeni m'mawu akeake zimene anamva?"

Shehe analoza kuseri kwa nyumba nafunsanso:

"Mungalole kuti timuitane?"

Amene anavomera ndi Mayi Busa, ndi mutu chabe. Abiti Mdoka anapita kuseri nabwera naye Mtisunge, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zisanu, makoko a mtedza ali pachitenje. Anagwada kumapeto kwa khonde, kutali ndi makolo ake.

"Mwanangu," anatero Shehe, "palibe amene akuzenga mlandu pano. Bambo ako anakuuza mawu pamene ankachoka. Usatibwerezere mawu awowo, tawamva kale. Tiuze zimene iwe unamva."

Mtisunge anayang'ana Abiti Mdoka, amene anamukodola ndi maso kuti alankhule. Mawu ake anali otsika, opanda mkwiyo, ngati a munthu amene anaiganiza nkhaniyo mpaka kutopa nayo.

"Ndinamva kuti kumeneko kuli anthu zikwi ziwiri, kuno ndili ndekha, ndiye ambiri apambana mmodzi. Zimenezo ndinazimvetsa, agogo, masamu ndimakhoza. Koma kenaka anatumiza chithunzi pafoni ya azakhali. Amayi anali atakhala pamchenga, akupesa tsitsi la kamtsikana kachizungu ka msinkhu wanga. Ine nthawi imeneyo azakhali anali atandimeta mpala chifukwa analibe nthawi yondiluka. Ndiye ndinamva kuti Mulungu akaitana anthu, pali ana amene amatengedwa ndi ana amene amasiyidwa, ndipo ine ndili m'gulu losiyidwa. Tsopano ndamva kuti akupitanso. Ndiye ndikuti ndisawazolowere."

Mayi Busa anaphimba nkhope ndi mpango wawo. Abusa anaimirira.

"Si zimene ndinanena! Mwana iwe, ndi liti pamene ndinanena zimenezo? A Shehe, mwamva nokha, akupotoza!"

"Khalani pansi, Abusa, kunja kwatentha," anatero Shehe mofatsa. Anadikira mpaka Abusa atakhala. "Mayi wokalamba wa pachilumba uja akakuuzani zosiyana ndi zimene munafuna kunena, mumamukalipira?"

"Ayi."

"Mumamuuza kuti akupotoza?"

Abusa anayankha motsitsa, moti tinachita kutchera khutu. "Ayi. Womvetsera salakwa. Timamuthokoza, n'kubwerera patebulo."

"Ndiye mwana uyu mumuthokoze, pakuti wakuchitirani chimene msodzi amakuchitirani, ndipo chamuwawa kuposa msodzi."

"Nanga ndichite chiyani?" anafunsa Abusa. Kunyada konse kunali kutawathera. Anangooneka ngati bambo wotopa. "Ndimufotokozerenso? Ndisiye ntchito? Anthu aja akutidikira."

Shehe anayang'ana mtsikanayo, kenaka makolo ake, nayankha kuti:

"Kufotokozanso sikuthandiza, chifukwa mwanayu sanamve mawu anu, anamva zochita zanu. Ife timati mwana ndi amana, chinthu chimene Allah wakusungitsa, ndipo pa Tsiku la Chiweruzo wofunsidwa za iye si azakhali ake, si mkazi wanga, si bungwe. Buku lanu ladikira anthu a pachilumbacho zaka zambirimbiri osakalamba. Mwana yekha ndiye sadikira, akukula. Koma ndime yopwetekayi simunailembe nokha, Abusa. Pitani kwa amene anakutumani, amene amakulamulani kuti mumvere msodzi, mukawauze zimene mwana wanu wamva, osachotsapo liwu. Ndipo mukawauze kuti asankhe: Mtisunge akwere nanu ndi kukakhala pabenchi limodzi ndi ana awo, apo ayi, Chipangano Chakale chidikire kufikira iye atakula."