Makina Amene Anadyetsedwa Bodza

Panali munthu wina woweta nkhuku cha ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji. Anayamba ndi kakhola kamodzi ka udzu kuseri kwa nyumba. Mulungu anamudalitsa. Makola anachuluka, a njerwa zootcha ndi malata, ena a nkhuku za mazira, ena a nkhuku za nyama. Analemba antchito. Mahotela a mu Lilongwe ankagula kwa iye. Pamaliro ankamupatsa mpando wa kutsogolo, ndipo mpandowo ankaukonda kwabasi.

Koma chuma chikakula, maso a munthu mmodzi sakwanira. Nkhani za m'makola mwake zinali balala. Wa khola ili ankatumiza uthenga pa foni. Wa khola ilo ankangosunga m'mutu. Wosunga chakudya cha nkhuku anali ndi zake, woyendetsa galimoto ya mazira analinso ndi zake. Ukawafunsa funso limodzi, aliyense ankayankha zosiyana ndi mnzake, ndipo mwini wake uja ankangokhalira kulusa.

Tsiku lina anamva kwa anzake a bizinesi kuti kunja kuno kwabwera makina a nzeru zochita kupanga, makompyuta amene amaphunzira okha. Akuti ukawapatsa mbiri ya zochitika pa ntchito yako, amakuuziratu za mawa: nkhuku zidya chakudya chochuluka bwanji, mazira achuluka liti, matenda ayambira khola liti. Munthu uja mtima unamudumpha. Musaganize kuti ankaganizira nkhuku, ayi. Ankafuna kuti anzake azinena kuti uje ali ndi makina.

Anaitana katswiri wa zimenezi, mayi Nasibeko. Mayiwo anazungulira makola onse mpaka nsapato zawo zinada ndi zitosi, kenako anakhala naye pansi.

"Bwana, makina abwera pambuyo," anatero. "Tiyambe takonza deta."

Achinyamata kumbuyo kwa tchalitchiko, ndakuonani mwadzuka. Sindikunena deta ija mumagula yoonera zopanda pake pa foni. Deta imene ankanena mayiwa ndi mbiri ya zochitika: nkhuku zadya chiyani lero, zamwa madzi ochuluka bwanji, zaikira bwanji, zadwala ziti, zafa ziti. Mayi Nasibeko anasonkhanitsa zonsezo mu nkhokwe imodzi ya pa kompyuta, kuti pasakhalenso zoti uyu ali ndi zake, uyo ali ndi zake. Anagwirizanitsa antchito onse kuti akati nkhuku yodwala azitanthauza chinthu chimodzi. Khola lililonse analipatsa munthu mmodzi wotumiza nkhani zake. M'makola anaika tizipangizo toyeza kutentha ndi madzi amene nkhuku zamwa. Atamaliza zonsezi, m'pamene analumikiza makina ophunzira aja, ndipo pakhoma la ofesi anapachika kanema wamkulu ngati chitseko. Khola likakhala bwino linkaoneka lobiriwira pa kanemapo. Likakhala pangozi linkafiira.

Asanachoke tsiku limenelo mayiwo anamuuza kuti, "Makinawa alibe maso, bwana. Amadya zimene mwawapatsa. Mukawapatsa bodza, adzakubwezerani bodza lonenepa."

Munthu uja anangoti eya, eya, maso ali pa kanema.

Poyamba zinayenda. Chakudya chinasiya kuwonongeka, mazira anasiya kusowa m'njira. Ndiye kunabwera alendo, akuluakulu a masitolo ena a m'tauni amene ankafuna kuti azigula mazira kwa iye chaka chonse. Anawakhazika mu ofesi, pansi pa kanema paja, n'kuwathirira tiyi. Ali mkati mokamba, khola limodzi, lakumunsi kufupi ndi dambo, linangoti psuu kufiira.

Chinachitika n'chakuti wosamalira khola limenelo, Lufeyo, anapeza nkhuku zingapo zitafa m'mawa umenewo, zina zitazyolika, zikupuma movutikira. Anachita zimene anamuphunzitsa. Anatumiza nkhaniyo ku nkhokwe ija momwe inalili.

Mlendo mmodzi analoza pakhoma. "Nanga chofiiracho n'chiyani, achimwene?"

"Aa, makinawa nthawi zina amasewera," anayankha mwini famu uja, uku akuseka, thukuta lili kamukamu.

Alendo atapita, munthu uja anali ndi njira ziwiri. Akanatha kutseka khola lakumunsi, kuitana dokotala wa ziweto, n'kuwauza ogula aja kuti adikire pang'ono. Manyazi akanakhalapo, inde, koma nkhuku zake zikanapulumuka. Njira ina inali yolimbana ndi chofiiracho m'malo molimbana ndi matenda. Tsono mvetserani zimene anasankha munthu ameneyu, munthu wamkulu wa ndevu zake.

Anaitana Lufeyo. "Iwe, ndani wakutuma kuti undichititse manyazi pamaso pa alendo?"

"Pepani bwana, koma nkhuku zafadi. Ndanena zimene ndaona."

"Tenga katundu wako, ndisakuonenso pano."

Lufeyo anali ndi mkazi ndi ana. Sanabe dzira ngakhale limodzi. Sanajombe ku ntchito. Anachotsedwa chifukwa chonena zoona, basi. Ndikafika pamenepa ine magazi amawira, abale, chifukwa a Lufeyo ndikuwadziwa ambiri, ndipo ena akhala m'mabenchi momwemu opanda ntchito.

Kenako anaitana mayi Nasibeko n'kuwalamula kuti afufute nkhani ya Lufeyo mu nkhokwe ija, alembe kuti zonse zili bwino.

"Bwana, chofiira si matenda. Matenda ali m'khola."

"Makinawa anagula ndani, inu kapena ine?"

Mayiwo anatola chikwama chawo n'kumapita. Iye anapeza wina wanjala amene anafufuta nkhani ija mosafunsa mafunso, ndipo khoma linabiriwiranso.

Kuyambira tsiku limenelo, pa famu ija sipanafenso nkhuku. Ndikutitu pa kanema. Antchito si opusa, anaona zimene zinamugwera mnzawo. Nkhuku ikafa, ankainyamula mu thumba la feteleza n'kukaikwirira kuseri kwa mitengo ya bulugama, kenako n'kutumiza uthenga kuti zonse zili bwino. Amene analowa m'malo mwa Lufeyo ndiye anali katswiri pa bodza. Ankakumba dzenje m'mawa, masana n'kutumiza kuti khola lili bwinobwino. Ndipo musafulumire kuwada antchitowo. Anali ndi ana oti adye, ndipo bwana wawo anali atawaphunzitsa yekha mtengo wa choonadi.

Nanga makina aja? Makina ankaphunzira, chifukwa ndiyo ntchito yake. Tizipangizo ta m'khola lakumunsi tinkanena kuti nkhuku zikumwa madzi ochepa. Wosunga chakudya ankanena kuti khola limenelo likutenga matumba ochepa. Nanga nkhuku yakufa imadya? Nanga yodwala imamwa? Koma munthu wa m'kholamo ankati palibe yafa, palibe yadwala. Makina anaphatikiza zonsezo n'kupeza yankho: khola lakumunsi ndilo labwino koposa pa famu yonse. Nkhuku zake zimadya pang'ono, zimamwa pang'ono, koma sizifa.

Ndiye makina anayamba kupereka malangizo. Anati tengani nkhuku za khola lakumunsi, ndi zolimba, muzigawe m'makola ena onse. Anati anapiye atsopano muwaike m'khola lomwelo. Anati katemera mwachulutsa, pa famu pano matenda palibe, chepetsani. Munthu uja anawomba m'manja. Anachita zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe. Antchito ananyamula nkhuku zodwala ndi manja awo kupita nazo khola ndi khola, akudziwa, koma pakamwa atatseka.

Ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi mwawo kupereka umboni. Anati, "Ambuye andipatsa makina anzeru, kwanga nkhuku sizifa." Mpingo unakuwa aleluya. Asa! Kumuika Mulungu pa bodza lako, iwe amene wathamangitsa munthu wosalakwa! Zamanyazi.

Matenda aja anali chitopa, ndipo chitopa sichiwerenga za pa kanema. Chinalowa m'makola onse nthawi imodzi. Nkhuku zinapota makosi, zinagwa chagada, zitosi zobiriwira mbwee pansi. Anapiye anatha ngati mwawathira madzi otentha. Maenje a kuseri kwa bulugama anadzaza, antchito anatopa n'kukumba, fungo linafika mpaka kumsewu. Agalu anakokera mitembo ya nkhuku m'midzi yoyandikana, ndipo nkhuku za amayi osauka, zimene ankadalira mwana akadwala, zinayamba kugwa nazonso. Iwowo analakwa chiyani? A zaziweto atabwera analamula kuti zotsala zonse ziphedwe n'kutenthedwa. Ogula a m'tauni aja anamva nkhaniyi kwa anthu a pamsewu, ndipo sanaimbenso foni.

Utsi uli tolo kunja, munthu uja anathamangira mu ofesi. Pakhoma makola onse anali obiriwira, ndipo makina anali akumulangiza kuti amange khola lina, bizinesi ikuyenda bwino. Anatola fosholo n'kumenya kanema uja mpaka magalasi anamwazika pansi, uku akukuwa kuti, "Makina abodza! Makina abodza!"

Abale ndi alongo, wabodza anali ndani?

Makina aja anamuuza zoona kamodzi, tsiku la alendo lija, ndipo iye anakana. Zonse zimene ananena pambuyo pake anali mawu ake a mwini wake yemweyo, atangomubwerera onenepa.

Fanizoli sindikunenera oweta nkhuku. Ndikunena inu, ndipo lero sindikusekererani. Mulungu anaika mwa munthu aliyense chikumbumtima. Chikumbumtima chimaphunzira. Tsiku loyamba limene munatenga chinthu cha eni, chinafiira, simunapeze mtendere. Munachita nacho chiyani? Munachiuza kuti uku si kuba, n'kudzithandiza. Tsiku loyamba limene munalowa m'nyumba imene si yanu, chinafiira. Munachiuza kuti aliyense amatero. Mwachidyetsa bodza chaka ndi chaka, ndipo lero chakhuta. Lero chikukuuzani kuti muli bwino, pitirizani, onjezerani. Inu n'kumati muli ndi mtendere mumtima. Umenewo si mtendere, abale. Mwangochiphunzitsa kunena zimene mukufuna kumva.

Ndipo Mulungu mwa chifundo chake amakutumizirani anthu oti akuuzeni za m'khola. Mkazi wanu anakuuzani kuti bambo, mowawu ukutimaliza. Munamutukwana mpaka anasiya kulankhula, ndiye mukuti banja lanu ndi labata. Mwana wanu anakuuzani zoona, munamukwapula, tsopano amakuuzani zokoma zokhazokha, zoipa amakwirira kuseri. Inu amene muli ndi antchito, ndi liti wantchito wanu anabwera ndi nkhani yoipa osanjenjemera? Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu anansi otere munawathamangitsa kalekale, mwatsala ndi okuwomberani m'manja.

Sabata yathayi ena mwa inu munanditumizira akulu a mpingo. Akuti abusa achepetseko ukali, azilalikira zotilimbikitsa, alendo akumachita manyazi. Ndamva. Mukufuna ndiziima pano n'kumati zonse zili bwino pamene mabanja akutha, pamene amasiye akulandidwa minda ndi anthu ovala yunifolomu ya chigwirizano. Ayi, zimenezo ine sindichita. Mukafuna, lembani kalata andisamutse, mupeze wina wanjala. Koma dziwani kuti kusamutsa mbusa sikuchiritsa khola.

Tanthauzo lake ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Tchimo limene mwalibisa silichoka, limangofalikira, ndipo mtima umene mwauphunzitsa bodza udzakuperekezani ku chiwonongeko uku ukukuyamikirani. Mulungu sakhululukira tchimo limene mukulitcha dzina lina. Amakhululukira limene mwabwera nalo momwe lilili, ndi fungo lake lomwe, ndipo palibe amene anabwera kwa Iye ndi choonadi n'kuuzidwa kuti tenga katundu wako.

Ndiye tisanaimbe nyimbo, aliyense aweramitse mutu. Pali chinthu chimene munakwirira, mukuchidziwa, ndipo mukudziwa pamene munachikwirira. Chitchuleni dzina lake lenileni pamaso pa Mulungu. Ndipo tikatuluka pano, musathamangire ku msika. Pitani kwa munthu uja munamutseka pakamwa, mukhale pansi, mumuuze kuti, "Nena tsopano, ndikumva."