Ulimbo wa Pamkuyu wa ku Madamu

"Mbalame za kuno usazigwire, Lonjezo. Usazitchere ulimbo, usazilase ndi legeni, ngakhale nthenga yogwa pansi usatole."

Limeneli ndilo lamulo limene a Matewere anapatsa mwana wawo tsiku limene anasamukira ku nyumba ya ku madamu. Ana inu mukamva madamu musaganize za nsomba. Awa anali madamu a suweji, kumene madzi a m'zimbudzi za tawuni yonse, ndi a kuchipatala omwe, ankathera. A Matewere ndiwo anali woyang'anira malowo. Nyumba yawo inali yokhayokha pafupi ndi mpanda wa waya, kutali ndi makomo a anthu. Mayi ake a Lonjezo anali atamwalira, choncho pakhomopo panali anthu awiri basi.

"Chifukwa chiyani, ababa? Mbalametu ndi ndiwo."

"Za kwina ndi ndiwo. Za kuno zimamwa madzi awo. M'madzi amenewo muli tizilombo tomwe tinakumana ndi mankhwala kambirimbiri mpaka tinawazolowera. Tikalowa mwa munthu, mankhwala amangodutsa ngati madzi akumwa."

"Nanga si pali mpanda?"

"Mpanda umatchinga mbuzi ndi anthu. Unaonapo mpanda wotchinga mbalame?"

Lonjezo anayang'ana kumadamuko. Akakowa anali ataima m'mbali mwa madzi, oyera mbuu ngati malaya ochapa kumene. Njiwa zinali zonenepa. Mumtima anati, zikanakhala ndi matenda bwenzi zikugwa. Koma pakamwa anati, "Ndamva, ababa."

Kusukulu yatsopano anamudziwa msanga kumene ankachokera. Akalowa m'kalasi, ana ankatseka mphuno.

"Wafika wa ku suweji! Tsegulani mawindo!"

"Aise, kwanu mumadya mutagwira mphuno?"

Lonjezo ankasamba m'mawa uliwonse mpaka khungu kutuwa, koma dzinalo silinkachoka ndi sopo. Akaweruka ankayenda yekha njira yaitali yodutsa m'tchire. Bambo ake ankachoka kusanache n'kubwera atatopa, mawu atawathera. Masana onse mwanayo ankangomenya mpira wachikulunga pakhoma la nyumba. Khoma linkamubwezera mpirawo, koma khoma siliseka.

M'kalasimo munali mnyamata wina dzina lake Zuze, katswiri wa ulimbo. Ankayenda ndi kachitini m'thumba, muli ulimbo woviikidwa m'madzi kuti usaume. Koma mitengo ya kufupi ndi kwawo inali itatha ndi makala, ndipo mbalame zinali zitathawa. Tsiku lina Lonjezo anamumva akudandaula kuti wakhala sabata yonse osagwira ngakhale kampheta. Asanaganize n'komwe, mawu anatuluka okha.

"Kwathu kuli mbalame zoti ungatope nazo."

"Za ku suweji?" Zuze anaseka. Koma madzulo ake anabwera.

Kunja kwa mpanda kunali mkuyu waukulu. Nkhuyu zinali zitapsa, ndipo mtengo wonse unali phokoso lokhalokha: apumbwa, atchete, njiwa. Zinkatera m'mbali mwa madamu, n'kumwa, n'kuuluka pamwamba pa waya kubwera mumkuyumo. Zina zikakhuta zinkapitirira kudambo kumene amayi ankalima ndiwo zamasamba. Zuze anaima kukamwa kuli yasa, mphuno atayiwala kuitseka.

"Aise, iwe ndiwe wolemera. Ukukhalira chuma chonsechi?"

Anamuonetsa mmene amachitira. Ulimbo ukatuluka m'chitini umakhala wolimba, ndiye umayamba wautafuna mpaka ufewe. Ukafewa umaukulunga pa timitengo tating'ono, n'kutizika panthambi pamene mbalame zimakonda kutera. Kenako umabisala, n'kudikira.

Tsiku limenelo anagwira apumbwa. Anawasosola, kuwawamba bwinobwino pamoto, n'kudya ndi mchere. Kwa nthawi yoyamba chisamukire, Lonjezo anaseka mpaka misozi.

Bambo ake pobwera anaona nthenga zitamatirira pakabudula wake.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinatsamira mtengo, ababa."

"Mtengo wa nthenga? Mwanawe, ndinati mbalame za kuno usazigwire. Ine ndimavala magolovesi ndi majombo ndisanafike pamadzi amenewo. Mbalame imaponda momwemo ndi mapazi osavala, n'kubwera kudzaponda pa timitengo tako. Usadzayerekezenso."

"Sindidzachitanso, ababa."

Koma m'mawa mwake Zuze anakhala naye pa desiki imodzi. Wina atayamba nyimbo yomunyoza ya suweji, Zuze anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ukaitsiriza nyimboyo, utsiriza ndi ine." Woimbayo anaisiyira panjira. Lonjezo anadziwa kuti madzulo apitanso kumkuyu.

Anapita, napitanso. Kachitini ka ulimbo kaja Lonjezo ankakabisa kuseri kwa bafa, mpaka tsiku lina a Matewere anakapeza. Sanamumenye mwanayo. Anangokatenga n'kukakataya kudzenje.

"Lonjezo, ndakuuza, ndakuuzanso. Ine ndatsala ndi iwe wekha. Mbalame za kuno usazigwire."

Pano ndinene zoona zokhazokha. A Matewere ankanena zoona, ndipo ankamukonda mwana wawo. Koma sanafunsepo kuti, kodi n'chiyani chikumukokera mwanayu kumtengo uja? Iwo ankaona mbalame, osaona kuti mwanayo wapeza mnzake. Nayenso Lonjezo sanawauze. Ankaopa kuti akamutchula Zuze, bambo akewo amuletsa Zuzeyo kubwera.

Madzulo ake anyamatawo anakumana pansi pa mkuyu, manja ali lendelende.

"Chitini atenga ababa."

"Ndiye walira? Ulimbo sutha, aise." Zuze anakwera mumtengo n'kutsitsa timitengo tadzulo, tomwe tinali titagwira kale mbalame. Ulimbo wake unali utauma ndiponso utada. Anaupala ndi chikhadabo n'kuuumba kampira. "Ukangoutafuna, wabwerera mwakale."

Lonjezo anayang'ana kampirako. Munali timanthenga. Munalinso zoyera ndi zobiriwira, chifukwa mbalame ikakodwa imachita mantha n'kudziyipitsira pomwepo.

"Muli zitosi umu."

"Mwana wa ku suweji kuopa zitosi? Ha! Ukulavula, si kumeza." Zuze anagawa kampirako pakati, theka n'kuponya mkamwa mwake, theka lina n'kumupatsa. "Tenga. Ndiwe mnzanga kapena ayi?"

Mnzanga. Mawu amenewo palibe anali atamuuzapo m'tawuni imeneyo. Mawu a bambo ake anamveka m'mutu mwake, koma anamveka kutali. Anatsegula pakamwa. Ulimbowo unali wowawa, wa mchenga. Anatafuna, malovu anadzaza, ena analavula, ena anatsetsereka pakhosi.

Tsiku limenelo palibe chinachitika. Mawa lake palibenso. Chilombo cha m'nthano zina chimabangula kuti uthawe. Ichi chinalowa mwakachetechete, chinakhala pansi, n'kuyamba kuswana.

Kenako m'mimba mwa Lonjezo munayamba kupota. Anatsegula m'mimba. Thupi linatentha ngati mwala wa padzuwa, koma iye akunjenjemera ndi kuzizidwa. A Matewere anamubereka kumsana mpaka pamsewu, n'kukwera naye kabaza kupita kuchipatala.

Anamupatsa mapiritsi. Thupi silinazizire.

Anasintha, n'kuyamba kumubaya jakisoni. Thupi silinazizire. Milomo inang'ambika, maso analowa mkati.

Anamutenga magazi kukayeza. Zotsatira zitabwera, dokotala, mayi wamfupi wolankhula modekha, anaitana a Matewere pambali.

"Bambo, tizilombo tachoka m'matumbo talowa m'magazi. Mankhwala amene tamupatsa sakugwira ntchito, tizilomboti tinawazolowera kale. Atsala amtundu umodzi, ndipo tachita kuitanitsa ku chipatala chachikulu. Kodi mwanayu anadya chiyani?"

Lonjezo anamva funsolo ali gone. Ndi mawu otsika ananena zonse: za mkuyu, za timitengo tadzulo, za Zuze.

"Zuze ndani?" anafunsa bambo ake.

"Mnzanga."

A Matewere anadzuka n'kupita kukafunafuna kwawo kwa Zuze.

Lonjezo anamusamutsira m'kachipinda kayekha kuti tizilomboto tisafike kwa ana ena. Olowamo ankavala magolovesi, n'kusamba m'manja potuluka. Munalibe womuseka, munalibenso womulankhula. Ankangowerenga madontho a diripi mpaka kusokonezeka. Pawindo ankaona khwangwala akutokosa m'zinyalala kuseri kwa chipatala, kenako n'kuuluka kulowera kumene kunali makomo a anthu.

"Ababa, Zuze mwamupeza?"

"Ndamupeza. Nayenso wagonekedwa, ali mbali inayo."

"Akupeza bwanji?"

"Gona, mwanawe."

Mankhwala aja anafika. Pang'onopang'ono thupi linazizira. Anayamba kumwa phala, kenako kukhala tsonga, miyendo itaonda ngati bango. Tsiku lililonse ankafunsa funso lomwelo, ndipo tsiku lililonse bambo ake ankayang'ana kukhoma.

Tsiku lotuluka, akudutsa pakhonde, Lonjezo anaima.

"Tidzere kwa Zuze, ndikamuuze kuti ndachira."

A Matewere anagwada mpaka maso awo analingana ndi a mwanayo.

"Zuze tinamuika m'manda, mwanawe. Anafika kuchipatala kuno mochedwa."

Mayi ake a Zuze, mwana atayamba kudwala, anathamangira kumsika kukagula makapusozi, monga ankachitira nthawi zonse mwana akatsokomola kapena kutsegula m'mimba. Kale ankathandiza. Ulendo uno Zuze anamwa, namwanso, osasintha. Pamene a Matewere ankafika pakhomopo, mwanayo anali asakuzindikiranso anthu. Ine mayi amenewo sindiwaweruza. Kuchipatala n'kutali, mzere ndi wautali, ndipo iwo anachita zimene ankadziwa.

Mbalamenso sindiziweruza. Mbalame sigula mankhwala kumsika. Sisiyira panjira mankhwala amene yapatsidwa kuchipatala, sithira makapusozi m'madzi a nkhuku kuti zinenepe msanga. Timachita zimenezo ndife anthu, ndipo tikatero tizilombo timalimba, n'kutsikira m'zimbudzi, m'ngalande, m'madamu. Mbalame imangomwa pamene yapeza madzi, n'kunyamula zimene ife tataya, kukazisiya pamtengo, padimba, pachitsime chosavundikira. Palibe amene anagwira apumbwa a mumkuyu uja kuti akawayeze, choncho sindingalumbire kuti tizilomboto tinadzera njira imeneyo yokha. Koma ana awiri anatafuna ulimbo umodzi, ndipo onse awiri anagwa ndi matenda amodzi.

Lonjezo atabwerera kusukulu, palibe anaimbanso nyimbo ya suweji. Ana ankangomupatsa njira. Malo a Zuze pa desiki anakhala opanda munthu mpaka kutha kwa chaka. A Matewere anayamba kuweruka msanga, n'kumamenya naye mpira wachikulunga uja pabwalo, ngakhale kuti miyendo yawo inali yolemera. Koma masana ena Lonjezo ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumkuyu. Nkhuyu zinapsanso, mbalame zinabweranso, zonenepa, zaphokoso. Pa nthambi yam'munsi panali kamtengo kamodzi kamene Zuze anazika. Mvula inakatsuka, dzuwa linakaumitsa, ndipo Lonjezo sanakachotse.

Tsono ana inu, imvani. Mkulu akakuletsani chinthu, si kuti nthawi zonse choopsacho mudzachiona ndi maso. Mbalame ikhoza kuyera mbuu koma itanyamula imfa kumapazi. Musatchere mbalame kumene kumathera madzi oipa, kapena kumene kumatayidwa zinyalala. Ulimbo umene wagwira kale mbalame musauike mkamwa. Mukagwira mbalame kapena zitosi zake, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mukadwala nenani msanga zimene munachita. Ngati lamulo likukulemerani chifukwa muli nokhanokha, auzeni makolo anu zimenezo, musakazembe. Lonjezo anazemba kuti apeze mnzake, ndipo anamupezadi. Lero akafuna kucheza naye, amapita kumanda.