Mchira wa Nalimata ndi Chipinda cha Kumapeto

Padangokhala, koma musakanene kuti mwamva kwa ine, bambo wina dzina lake Njiri. Njiriyu adamanga nyumba zamdadada kuseri kwa chulu n'kumachititsa lendi. Chipinda choyamba munkakhala Nungu ndi mkazi wake, chachiwiri munkakhala Mayi Kanyimbi ndi ana awo, ndipo kumapeto, kufupi ndi bafa, kunkakhala Nalimata yekhayekha.

Ndati yekhayekha chifukwa mkazi wake adathawa ndi Gulo. Eee, Gulo yemweyo wa mutu wobiriwira, wongokhalira kugwedeza mutu pamtengo ngati akuvomera zanzeru. Mayiyo adanyamula mapoto, mphasa, mpando, ndi chipande chomwe, n'kumusiyira mwamuna wake makoma okhaokha.

Ndiye khomalo ndi limene lidasanduka mnzake. Mukudziwa nyumba za lendi, khoma silifika kudenga. Dzuwa likapendeka, Nalimata ankakwera n'kumata mimba yake pampata umenewo, n'kumamvetsera. Ana a Kanyimbi akulimbirana bulangete. A Nungu akukangana ndi akazi awo za mchere. Palibe ankamuitana kuti bwerani tidye, koma mawuwo ankamufunda ngati chofunda. Iwo akaseka uko, iyenso ankaseka kuno, motsitsa, kuti asamumve. Kumuchotsa m'chipinda chimenecho kudali kumulanda anthu onse amene adali nawo padziko.

M'mawa wina kudamveka kugogoda.

"Odi kuno, a Nalimata!"

"Fikani, a landilodi. Mpando ndilibe, adapita nawo alamu anu."

"Sindikhalitsa," adatero Njiri. "Chipindachi ndikuchifuna. Likamakwana Loweruka mukhale mutatuluka."

"Ndalakwanji, bambo? Lendi ndimapereka. Bafa ndimakolopa ngakhale tsiku lisali langa."

"Simudalakwe. Kukubwera mwana wa mlongo wanga kuchokera kumudzi."

Mwana wa mlongo! Abale inu, Nalimata ankamudziwa mwana wa mlongoyo. Adali Mbawala, namwali wa timiyendo tosalala, amene Njiri ankanong'onezana naye kuseri kwa bafa mkazi wake akapita kuchigayo. Koma sadaonetse kanthu. Adangoweramitsa mutu mwaulemu.

"Zamveka, bambo. Kungoti Loweruka sizingatheke. Tidapangana pakamwa, inde, koma la pakamwa ndi panganonso. Munthu wa lendi amapatsidwa notisi ya mwezi, ndipo pamafunika mboni. Bweretsani mboni, ine ndiyambe kulongedza."

Njiri adapita kukatenga Nungu. Atangoima pakhomo, Njiri asanakonze n'kukhosi komwe, Nalimata adayamba ndiye.

"A Nungu, mwadzuka bwanji achimwene? Chinangwa mumakukuta dzulo chija chimamveka chokoma. Mudagula kuti? Pajatu dera lino amene adadzala chinangwa ndi a landilodi okha."

Minga ya Nungu idaima yonse. "Pepani a landilodi, m'mimba mwandipota," adatero, uku akuthamangira kuchimbudzi. Sadatulukeko mpaka masana.

Njiri adakatenga Mayi Kanyimbi.

"Mayi a ana, takulandirani," adatero Nalimata. "Kodi mphika umabwata kuseri kwa kabati uja ndi wa mankhwala a chifuwa? Pakuti ndikukumbuka a landilodi adaletsa kutcheza kachasu pa poloti pano."

"Ii, mwana akulira," adatero Mayi Kanyimbi, pamene ana onse adali kusukulu.

Njiri adafwenthera ndi mkwiyo. "Ndiye mboni ndikaitenge kuti?"

"Itanani amayi kunyumba, bambo. Amenewo ndiye mboni yeniyeni. Ndiwathokozenso chifukwa cholandira mwana wa alamu awo. Kodi mlongo wanu adakwatiwa ndi mbawala? Pakuti mwanayo sadatengere kwanu ngakhale njerewere imodzi."

Njiri adayang'ana kumanzere, kumanja, mchira n'kuimika, ulendo. Za notisi sadazitchulenso.

Nalimata adaseka mpaka kugwa chagada. Koma madzulo atakwera pakhoma adapeza pampata paja atatsekapo ndi masanza. Adakankha pang'ono n'kuika khutu. Uko ankangonong'onezana. Mwana akati aseke, mayi ake amvekere, "Khala chete iwe, khoma lili ndi mwini wake." Tsiku limenelo Nalimata adatsika msanga.

Njiri sadagone nayo nkhaniyi. Adabwera ndi hamala n'kuzula chitseko, n'kuchisenza pamutu.

"Chitsekochi ndi changa. Tione ngati mukhale."

Koma tsoka lake, sabata yomweyo idagwa mvula yoyamba, ngumbi n'kutuluka pachulu paja. Nalimata adangoyatsa koloboyi n'kukhala pakhoma kukamwa kuli yasa. Ngumbi zinkalowa zokha ngati zaitanidwa ku ukwati. Njiri podutsa adamupeza atanenepa, khungu likuwala.

"A landilodi, Mulungu akudalitseni! Ndikadadziwa ndikadakupemphani kale. Chitseko chija chimandimana ndiwo."

"Iwe, ukundiseka?"

"Ine kuseka bambo anga? Ndikuthokoza. Mukafuna ndikusungireni zina, mukapatse mwana wa mlongo."

M'mawa mwake Njiri adakwera padenga n'kusasula malata a chipinda cha kumapeto. Adaiwala kuti denga la mdadada ndi limodzi. Mvula itabwera ndi mphepo, idakanganula malata otsalawo, madzi n'kutsata khoma mpaka kwa Nungu. Nalimata adangodzimata kunsi kwa phaso, osanyowa ngakhale chala. Koma kwa Nungu ufa udasanduka phala, ndipo mkazi wake adalalata poloti yonse kumva.

"Ine ndidakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi chithaphwi? Tiyeni tizipita!"

Adalongedza tsiku lomwelo. Nalimata adawayang'ana ali paphaso, akunyamula mitolo yawo. Adafuna kunena kuti yendani bwino. Nungu sadatembenuke.

Apa Njiri mutu udamuzungulira. Wataya wa lendi wabwino, Mbawala akumufunsa tsiku ndi tsiku kuti chipinda chija chili pati, ndipo kanthu kochepa ngati chala kakumuyang'ana ndi maso osaphethira. Adalowa m'chipindamo mopanda odi.

"Lero utuluka, ufune usafune!"

"Bambo, musandigwire. Ndine wofooka thupi."

Pomatero n'kuti akumugwedezera mchira pamphuno penipeni. Njiri adaugwira n'kukoka. Thothoo! Mchira udatsala m'manja mwake ukuphiriphitha wokha.

"Mayo ine! Andipha! Anthu inu bwerani, a landilodi andidula pakati!"

Inu ndi ine tikudziwa kuti mchira wa nalimata umathothoka wokha akafuna mwini wake, ndipo umameranso. Njiri sankadziwa. Adauponya pansi, anthu atadzaza kale pakhomo lopanda chitseko lija.

Nkhani idakafika kukhoti, kwa a Nang'omba oweruza milandu. Ine ndikuuzeni, tsiku limenelo ngakhale odwala adadzuka. Nalimata adalowa akudzikoka, atamanga nsanza m'chiuno, mchira uli m'mbale ngati ndiwo.

A Nang'omba adafunsa ndi mawu awo a pansi aja. "A Njiri, notisi mudapereka?"

"Mboni zimathawa, bwana."

"Chitseko adazula ndani?"

"Ndine, koma ndi changa."

"Malata?"

"Anganso."

"Nanga mchirawu ndi wanunso?"

Anthu adaseka mpaka a Nang'omba kumenya mlomo patebulo.

"Tamverani. Nyumba ndi yanu, koma mukaikamo munthu, simungamutulutse ndi manja anu. Mukalephera kumvana mumabwera kuno. Mubwezere chitseko, mubwezere malata. Ndipo a Nalimata akhala m'chipindamo mpaka mchira wawo utamera. Ukamera, muwapatse notisi ya mwezi ngati munthu. Koma tandiuzani, chipindacho mumachifuniranji mwachangu chotere?"

Njiri adayang'ana pansi. Adayankha ndi mayi wina kumbuyo, sindimutchula dzina, amvekere, "Afunseni a Mbawala!" Mayi Njiri adali pabenchi yakutsogolo. Zimene zidachitika panjira yobwerera, abale, ndi nkhani ya tsiku lina, koma dzino limodzi la Njiri lidapindika kuyambira pamenepo, ndipo Mbawala adakwera basi yam'mawa.

Tsono mwezi ukaoneka, Njiri ankabwera kudzaona mchira.

"Odi. Tatembenukani."

Nalimata ankatembenuka. Kachitsa kokhakokha.

"Koma mwezi watha kadali kataliko pang'ono."

"Ndi maganizo, bambo. Munthu wodandaula samera mchira."

Chinsinsi chake chidali chakuti kamchira kakangoti katalike, ankakapanikiza pachitseko n'kukathothola, n'kukataya kudzala. Mwezi wina, kachitsa. Mwezi winanso, kachitsa. Njiri ankabweretsa mankhwala azitsamba, mafuta a nsatsi, ngakhale mazira, kuti mwina mchira ungafulumire. Nalimata ankadya mazirawo n'kupukuta pakamwa.

Koma pa poloti padayamba kuzizira. Mayi Kanyimbi adatopa ndi kunong'ona m'nyumba yawoyawo, adasamuka. Ofuna nyumba ankabwera, koma akangomva kuti kumapeto kumakhala uja adatengera landilodi kukhoti, uja amadziwa za aliyense, ankati tibweranso mawa. Nalimata ankakwerabe pakhoma madzulo. Adachotsa masanza aja onse. Uko kunkangomveka lata likulira ndi mphepo.

Ndiye taonani zodabwitsa. Adayamba kuudikira mwezi. Ukangooneka ankasesa m'nyumba, n'kukonkha madzi pakhomo, chifukwa mawa kubwera munthu wodzanena odi. Njiri akati tatembenukani, iye ankachedwa dala.

"Khalani kaye, bambo. Kunyumba ali bwanji amayi? Chinangwa chachita bwanji chaka chino?"

"Sindidabwerere macheza. Tembenukani."

"Nanga dzino lija likupwetekabe?"

Ngakhale kutukwanidwa ankakumva kukoma.

Kenaka mwezi udaoneka, Njiri osabwera. Nalimata adasesa, nadikira. Udakula, udatha, udaonekanso wina. Palibe. Udzu udamera panjira ya kubafa. Adamva kwa Namzeze, mbalame imene idadzamanga chisa pakhonde, kuti Njiri adagula malo tsidya la mtsinje, adamanga mdadada wina, ndipo Nungu ndi Mayi Kanyimbi ali komweko.

"Za kuno akuti chiyani?" adafunsa Nalimata.

"Za kuno? Sindidamve akutchulako."

Kuyambira tsiku limenelo adausiya mchira kuti umere. Adaudyetsa bwino, naupaka mafuta a nsatsi adatsala aja. Udamera wautali, wonenepa, woposa woyamba uja. Atauona kuti wakwana, adasamba n'kuwoloka mtsinje.

Adamva phokoso asanafike. Ana akuthamangitsana, wina akusinja, mkazi wa Nungu akulalatira mwamuna wake za mchere. Nalimata adaima kaye kuseri kwa nthochi, maso atatseka, kungomvetsera. Kenaka adatulukira. Njiri adali pakhonde akusenda nzimbe.

"Odi, a landilodi."

"Ee, a Nalimata. Muli moyo?"

"Ndili moyo, bambo. Ndabwera ndi nkhani yabwino. Mchira wamera." Adatembenuka yekha, osauzidwa, n'kuugwedeza. "Mubwere mudzandipatse notisi. Mboni musavutike nazo, ndivomera. Mwezi ukatha ndituluka mwaulemu. Ndiye ndimati, ngati kuno kuli kachipinda, ngakhale koyandikana ndi chimbudzi..."

Njiri adatafuna nzimbe yake pang'onopang'ono, nalavula zitakataka.

"Mchira uti?"

"Uwu, bambo. Ukukwekwereka pansiwu."

"Ine sindikuona mchira."

"Bambo, taugwirani!"

"Ndigwire? Ine? Ndidagwirapo kale kamodzi." Adasenda mfundo ina. "Khoti lidagamula kuti mukhale m'chipinda chija mpaka mchira utamera. Ine ndine munthu womvera malamulo masiku ano. Khalani, a Nalimata. Lendinso musamabweretse, mungavutike kuwoloka. Mudachimenyera nkhondo chipindacho, ndi chanu."

Nalimata adatsegula pakamwa. Nzeru zonse zija, zothamangitsa mboni, zogonjetsa hamala, zopusitsa khoti, palibe imene idabwera. Palibe lamulo lokakamiza landilodi kutulutsa munthu amene sakufuna kumutulutsa. Ana adasiya kusewera n'kumamuyang'ana. Mayi Kanyimbi adatuluka ndi beseni, atamuona adabwerera n'kutseka chitseko.

"Tsalani bwino, bambo," adatero.

"Muyende bwino. Musamale mchirawo paminga, ngati ulipo."

Adawolokanso mtsinje, mchira wokongola uja ukulemba mzere pamchenga, ndipo sudamulemerepo chotero chibadwire.

Yanga yathera apa, ndikaone nyemba pamoto. Koma ngati pali wina akusaka nyumba, kuseri kwa chulu zipinda ziwiri zilipo, chitseko chabwino, malata atsopano, ndipo woyandikana naye sadzakupemphani ngakhale mchere. Chokhacho, mukamakangana ndi amuna anu, muzikweza mawu pang'ono. Mnzanuyo wadikira nthawi yaitali.