Mkanjo Wofiira pa Denga la a Meya

Kalekale, ana inu, agogo a agogo anu asanamere mano, kunali mzinda wina m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Padoko la mzindawo pankakocheza zombo za matanga zodzaza ndi mchere, mikanda ndi nsalu. Koma njira yolowera padokopo inali yopapatiza, uku matanthwe, uku matanthwe, onse obisala pansi pa madzi.

Tsono pachitunda cha mzindawo panali migwalangwa itatu italiitali: wina m'munsi, wina pakati, wina pamwamba. Amalinyero akamabwera, ankawongolera chombo mpaka mitengo itatuyo itabisana n'kuoneka ngati mtengo umodzi. Akaona choncho ankadziwa kuti ali m'njira yeniyeni, ndipo ankalowa akuimba.

Mumzindamo munali wamalonda a nsalu, dzina lake Malikebu. Iyeyu anabwera pachombo ali wachinyamata, atanyamula mtolo umodzi wokha, ndipo migwalangwa yomweyo ndi imene inamulowetsa padoko. Anali wapakamwa pokoma ndi wosabera anthu poyeza nsalu. Malonda anamuyanja, sitolo inakula, mimba nayo inakula. Anthu anamukonda mpaka anamusankha kukhala meya, n'kumuveka mkanjo wofiira. Eee, munthu anasangalala! Ankauvala ngakhale popita kukatsekulira mbuzi kukhola. Koma zaka zonsezi ankakhala m'sitolo atafulatira nyanja, ndipo ntchito ya migwalangwa ija anali ataiwala.

Chaka chimenecho zombo zonse zinapita kutsidya kukapikula katundu, ndipo amalinyero onse anapita nazo. Ndaziona, mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa Malikebu, anakwera nawo kukasankha nsalu za sitolo. Zombo zitangozimiririka, Malikebu anati, "Akamabwera, aupeze mzinda uno utasintha!"

Anayamba ndi msika. "Nsanamira tizipeza kuti, bwana meya?" anafunsa amisiri.

"Gwetsani mgwalangwa wam'munsiwo!"

Unagwa, khuu! Anthu anaomba m'manja. Kenako anafuna mlatho pakamtsinje. "Gwetsani wapakatiwo!" Unagwa, ndipo amayi analulutira.

Wachitatu unali kumbuyo kwa nyumba yake. Mlandu wake unali umodzi wokha: zipatso zake zinkagwera pamalata n'kumudzidzimutsa akugona masana. Mkazi wake Nasibeko anati, "Abambo ake a Ndaziona, mtengo uwu tinaupeza. Mwafunsako chimene anthu anausiyira?"

"Meya amafunsa ndani?" anayankha Malikebu. Nawonso unagwa.

Tsono m'mawa wina mwera unawomba mwaukali, nyanja n'kuchita thovu. Mfuu inamveka padoko: "Zombo! Zombo zabwera!" Malikebu anavala mkanjo wake n'kuima pakhonde, chifuwa patsogolo, kuti mwana wake aone zimene bambo ake achita. Koma zombo sizinalowe. Zinkangopita uku n'kubwerera uku, ngati nkhuku zosowa khomo la khola, ndipo mphepo inkazikankhira kumatanthwe.

Pamenepo Malikebu anakumbukira tsiku limene anabwera, mmalinyero akuloza chala pachitunda. "Mayo ine! Migwalangwa! Ndapha mwana wanga!"

Anathamanga, ana inu, munthu amene anali asanathamangepo chilemerere! Anafika kusitolo ali wefuwefu. "Tulutsani nsalu zofiira zonse! Ena dulani nsungwi zazitali!"

"Nsalu zodula zija, bwana?" anafunsa wogulitsa m'sitolo.

"Zomwezo! Fulumira!"

Mzinda wonse unadzambatuka. Pachitsa cham'munsi analumikiza nsungwi, n'kumangirira nsalu, n'kuimika. Nsalu inauluka, pepepe! Pachitsa chapakati anachita chimodzimodzi. Koma pofika pachitsa chapamwamba, nsalu zofiira zinali zitatha, ndipo inatsala nsungwi imodzi yaifupi. Chombo chakutsogolo chinali chitayandikira thanthwe.

Malikebu anayang'ana denga la nyumba yake, anayang'ana mimba yake, ndipo anavula mkanjo n'kuumangirira kunsungwi ija. "Makwerero!" anakuwa. Anakwera padenga ndi nsungwi yaifupi ija, malata akulira pansi pa mapazi ake. Ali pamwamba, chitsa sanachione, choncho sanadziwe poima kuti mkanjo ukhale pamzere umodzi ndi nsalu ziwiri zija.

"Nasibeko! Ndiime pati?"

Nasibeko anali atakwera kale pachitsa. "Kodi meya amafunsa?" anatero. "Sunthirani kumanzere! Pang'ononso! Pomwepo, musasunthe!"

Ndipo anaima, meya wathunthu, ali ndi kabudula yekha, mphepo ikumukwapula, manja akuwawa, misozi ili chuchuchu. Chombo chakutsogolo chinakhota. Chinalunjika pamzere wa nsalu zitatu zija, chinadutsa pakati pa matanthwe, ndipo zinzake zinatsatira chimodzichimodzi. Nyimbo ya amalinyero inamveka, nthungululu n'kudzaza doko lonse.

Ndaziona anakwera chitunda akuthamanga n'kupeza bambo ake akutsitsidwa ndi amuna anayi. Anawakumbatira akulira ndi kuseka. "Bambo, tinali titataya mtima. Ndiye ndinaona mkanjo wanu, ndipo ndinauza amalinyero kuti, 'Bambo anga sangavule mkanjo umenewo popanda chifukwa. Tsatirani zofiirazo!'"

Tsiku lomwelo Malikebu anapepesa amalinyero pamaso pa anthu, ndipo anadzala migwalangwa itatu ndi manja ake, uliwonse pambali pa chitsa chake. Koma mgwalangwa umachedwa kwambiri kukula. Tsono mkanjo uja unatsala padenga, ndipo nsalu zikasuluka, Malikebu ankaika zatsopano za m'sitolo yake mpaka imfa yake. Atamwalira, Ndaziona anapitiriza kufikira mitengo itatalika.

Msika uja unagwa kalekale, mlatho unapita ndi madzi. Koma amalinyero a kumeneko akaona migwalangwa itatu itakhala umodzi, amafuula kuti, "Tawaona a meya padenga!"

Mwamva, ana inu? Chinthu chimene wachipeza chili chiimire, usachigwetse usanafunse ntchito yake, ngakhale utavala mkanjo wotani. Ndipo ukalakwa, konza ndi zako zomwe, usaope manyazi.

Nthano yanga yakocheza, ndipo yathera pomwepa.